Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London: makilomita ndi 8,000, nanga maola enawo amathera kuti?

Mukayeza molunjika, mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi bwalo la Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu za masiku ano, monga Boeing 787 ndi Airbus A350, zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola. Mwana wa sitandade 6 atawerengetsa anganene kuti ulendowu ndi wa maola 9. Koma tikiti imene mungagule lero ikuonetsani maola 15, 17, mwinanso kupitirira 20. Palibe amene walakwitsa masamu. Nkhani ndi yakuti mtunda umangotiuza nthawi yochepetsetsa imene ulendo ungatenge, ndipo pamwamba pake pamawonjezeka zinthu zingapo zimene munthu atha kuziwerengera yekha asanalipire ndalama.

Tiyambe ndi mtundawo. Dziko lapansi ndi lobulungira, pamene mapu a pakhoma ndi afulati, choncho mzere wowongoka pa mapu si njira yaifupi ayi. Njira yaifupi mungaipeze pa gulobu ya kusukulu: ikani ulusi pa mizinda iwiriyo n'kuukoka mpaka ukungike. Pamene ulusiwo wagona ndi pamene pali njira yachidule, imene a zandege amaitcha great circle, ndipo mtunda umene mumauona pa intaneti umakhala umenewu. Pa ulendo wa Lilongwe ndi London ulusiwo umadutsa Zambia, kum'mawa kwa DRC, Chad, Libya, nyanja ya Mediterranean kenako France. Popeza ulendowu ndi wolowera kumpoto, mzere wa pa mapu ndi wa pa gulobu sizisiyana kwambiri. Kusiyana kumaonekera pa maulendo opita kum'mawa kapena kumadzulo kutali ndi ikweta. Ndege ya Qantas yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000, imakhotera kumwera kwenikweni, moti masiku ena okwera amaona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica. Pa mapu imaoneka ngati yasochera, chonsecho ikudula njira.

Samalaninso ndi muyeso. Oyendetsa ndege amawerengera mu nautical mile, imene ndi makilomita 1.852, pamene mailosi a pamsewu ndi makilomita 1.609. Mtunda womwewo wa Lilongwe ndi London mungauone utalembedwa 8,000, kapena 4,950, kapena 4,300, ndipo manambala onsewa ndi olondola, angosiyana muyeso.

Njira zitatu zotulukira m'Malawi

Pakadali pano palibe ndege imene imanyamuka pa Kamuzu n'kukatera pa Heathrow osaima pena. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo njira iliyonse ili ndi mtunda wake.

Kudzera ku Nairobi ndiye kwaufupi: makilomita pafupifupi 1,430 kukafika pa bwalo la Jomo Kenyatta, kenako ena pafupifupi 6,830 kukafika ku London, pamodzi 8,260. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,600 kuphatikiza 5,900, kukwana 8,500. Njira ya ku Johannesburg ndiyo yozungulira, chifukwa mumayamba mwabwerera kumwera makilomita pafupifupi 1,500, kenako n'kuuyamba ulendo wa makilomita 9,050 wopita kumpoto, kudutsanso pambali pa dziko limene mwachokera masana. Pamodzi ndi makilomita oposa 10,500, kutanthauza maola pafupifupi atatu owonjezera muli mlengalenga poyerekeza ndi njira ya ku Nairobi.

Munthu angafulumire kunena kuti basi, Nairobi ndiye yachangu. Si nthawi zonse. Tifika pa chifukwa chake, koma tiyambe taona mmene makilomita amasandukira maola.

Nthawi imene imalembedwa pa tikiti siyambira pamene matayala achoka pansi. Imayambira pamene ndege yasuntha pa geti, n'kuthera pamene yaima pa geti ya kumene ikupita. Makampani amaitcha block time. M'kati mwake muli kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wonyamukira, kudikira pa mzere, kukwera, ulendo weniweniwo, kutsika, ndi kufunafuna geti. Pa Kamuzu, pamene ndege ndi zowerengeka, kuyenda pansiku n'kwa mphindi zochepa. Pa Heathrow, pamene misewu iwiri yokha imalandira ndege zoposa 1,000 patsiku, mphindi 20 zimatha ndege isanadzuke. Kukwera kukafika pa makilomita 10 kapena 11 m'mwamba kumatenga mphindi 20 mpaka 30, kutsika chimodzimodzi, ndipo nthawi yonseyi liwiro limakhala locheperapo.

Njira yosavuta yoyerekezera ndi iyi: gawani makilomita ndi 850, kenako muwonjezere mphindi 35 kapena 40. Addis Ababa ndi London, 5,900 kugawa ndi 850 ndi maola pafupifupi 7, kuwonjezera mphindi zija ndi maola 7 ndi mphindi 40. Johannesburg ndi London mupeza maola 11 ndi mphindi zingapo, ndipo ndi zomwe matikiti a British Airways ndi Virgin Atlantic amaonetsa. Pa maulendo aafupi a ndege zocheperapo monga Boeing 737 gawani ndi 800. Ndege ya mapulopela ngati Dash 8 Q400 imathamanga makilomita pakati pa 600 ndi 670 pa ola, choncho pa ulendo wa ku Nairobi kapena ku Johannesburg mtundu wa ndege pawokha ungasinthe nthawi ndi theka la ola kapena kuposa.

Makampani amawonjezanso mphindi zina mwadala pa ndandanda yawo kuti asamaoneke ochedwa. Woyendetsa akalengeza kuti mwafika msanga ndi mphindi 15, kawirikawiri sikuti anathamanga. Nthawi yolembedwayo ndi imene inali yotakasuka. Ndipo akanena kuti ayesetsa kubweza nthawi imene yatayika, musayembekezere zambiri. Ndegezi zimayenda kale pafupi ndi malire a liwiro lake, pa 84 kapena 85 peresenti ya liwiro la phokoso. Kuwonjezera pang'ono pa ulendo wa maola 8 kungapulumutse mphindi 10 kapena 15, koma mafuta amapita ochuluka. N'zoseketsa kuti ndege za lero sizithamanga kuposa Boeing 707 ya m'zaka za m'ma 1960. Chimene chasintha ndi kamwedwe ka mafuta ndi kutalika kwa mtunda umene zingauluke osatera. Concorde, imene inkachoka ku London kukafika ku New York m'maola atatu ndi theka, inasiya kuuluka mu 2003.

Mphepo ya m'mwamba

Liwiro la 900 lija ndi la ndege poyerekeza ndi mpweya umene ikudutsamo, osati poyerekeza ndi nthaka. Mpweyawo nawo umakhala ukuyenda. Zili ngati bwato pa Shire: kupalasa n'kumodzimodzi, koma wotsikira ku Nsanje amafika msanga kuposa wokwera. Pa msinkhu umene ndege zimayenda pali mikwasa ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, nthawi zambiri pa liwiro la makilomita 150 mpaka 250 pa ola, ndipo m'nyengo yozizira imatha kupitirira 300.

N'chifukwa chake ulendo wopita ndi wobwerera sukhala wofanana. New York ndi London zatalikirana makilomita pafupifupi 5,540. Kupita ku London ndi maola pafupifupi 7, kubwerera ndi pafupifupi 8. Mu Febuluwale 2020, pa nthawi ya namondwe Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Pa njira ya Johannesburg ndi Sydney kusiyanaku n'kwa tsiku ndi tsiku: kupita ku Sydney ndi maola pafupifupi 12, kubwera ku Johannesburg ndi pafupifupi 14.

Wochoka kuno kupita ku Ulaya mphepoyi simukhudza kwambiri, popeza amaidutsa chopingasa. Ulendo wa Johannesburg ndi London umasiyana ndi mphindi zochepa chabe popita ndi pobwera. Chimene chimavuta pa njira imeneyi ndi mitambo ya mabingu ya kufupi ndi ikweta, makamaka pamwamba pa nkhalango ya Congo. Mitamboyi imatha kutalika kuposa msinkhu umene ndege ingafike, choncho woyendetsa saidumpha koma amailambalala, akuiona pa radar. Kukhota kulikonse kumawonjezera makilomita makumi angapo, ndipo apa m'pamene kanyali kouza okwera kuti amange malamba kamayaka pakati pa usiku.

Malire a mayiko amafika m'mwamba

Ulusi wa pa gulobu uja sudziwa za nkhondo. Dziko lililonse limalamulira mlengalenga mwake, limalipiritsa ndege zodutsa, ndipo likhoza kutseka. Makampaninso amapewa madera amene maboma awo kapena a inshuwalansi awaletsa. Pakati pa kumwera kwa Africa ndi Ulaya pali mayiko angapo otere amene andandalikana. Makampani ambiri a ku Ulaya akhala akupewa Libya kwa zaka zambiri. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zochokera ku Addis Ababa ndi Nairobi, zimene njira yake yachidule imadutsa pomwepo, zinayamba kukhotera ku Nyanja Yofiira ndi Egypt. Mu Ogasiti chaka chomwecho asilikali amene analanda boma ku Niger anatsekanso kwawo kwa milungu ingapo. Pamenepo panakhala chimpanda chochokera ku Niger mpaka ku Nyanja Yofiira, ndipo ndege za pakati pa South Africa ndi London zinkazungulira kumadzulo kwa Africa, kuwonjezera ola kapena kuposa.

Chitsanzo chachikulu ndi cha Russia, imene inatsekera ndege za ku Ulaya mu 2022. Ulendo wa Finnair wochoka ku Helsinki kupita ku Tokyo, umene unali wa maola pafupifupi 9, unasanduka wa maola 13. Mizindayo siinasunthe, ndipo pa intaneti mtunda wake ukadali womwe uja.

Ngakhale kumene kuli mtendere, ndege siyenda mongofuna. Imatsata njira zokhazikitsidwa zodutsa pa malo odziwika, ndipo oyang'anira kayendedwe ka ndege amaiuza msinkhu ndi liwiro. Mtunda weniweni umene yauluka umaposa wachidule uja ndi maperesenti angapo. Ndege za injini ziwiri zilinso ndi lamulo lakuti zisatalikire kwambiri bwalo limene zingaterepo injini imodzi itazima. Kale malire anali mphindi 60. Ndege zatsopano zimaloledwa mphindi 180 kapena kuposa, ndipo A350 inavomerezedwa mpaka mphindi 370. Lamuloli limakhudza kwambiri maulendo a pamwamba pa nyanja zikuluzikulu kusiyana ndi a pamwamba pa Africa.

Pali china chimene anthu ambiri sachiganizira, chomwe chimakhudza mabwalo onse atatu amene timadzera. O.R. Tambo ya ku Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,690 kuchokera pa nyanja, Jomo Kenyatta pa 1,620, ndipo Bole ya ku Addis Ababa ili pa mamita oposa 2,300. Kumtunda kotere mpweya ndi wopepuka, kukatentha umapepukiratu. Mapiko sanyamula bwino, injini sizikoka ndi mphamvu zonse, choncho ndege imafuna msewu wautali ndipo singanyamuke ndi kulemera konse kumene ikananyamuka nako ku Mombasa kapena ku Durban. Ndiye chifukwa msewu waukulu wa pa O.R. Tambo ndi wotalika makilomita oposa 4.4. Ndiyenso chifukwa ndege zambiri za Ethiopian Airlines zopita ku America zakhala zikuima panjira, monga ku Dublin, ku Rome kapena ku Lomé, n'kuthira mafuta, pamene ndege ya ku Washington pobwerera imafika ku Addis osaima: ponyamuka ku Bole singadzaze matanki ndi kunyamulanso anthu onse ndi katundu wawo. Kulemera kukapitirira malire pa tsiku lotentha, chimene chimatsala pansi ndi katundu, ndipo sutikesi yanu imabwera ndi ndege ya mawa lake.

Kuwerenga tikiti

Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene ndege ili pa nthawiyo. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa wotchi ndi imodzi. Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Britain ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, koma kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amasuntha mawotchi, kusiyana n'kutsala ola limodzi.

Tiyerekeze tikiti ya mwezi wa Juni yolembedwa motere: kunyamuka ku Lilongwe 14:30, kufika ku Addis Ababa 19:15, kunyamuka ku Addis 01:00, kufika ku Heathrow 06:45. Chigawo choyamba chikuoneka ngati cha maola 4 ndi mphindi 45, koma chotsanipo ola limodzi la wotchi ya ku Ethiopia, ndi maola 3 ndi mphindi 45. Chachiwiri chikuoneka ngati cha maola 5 ndi mphindi 45, koma London ili kumbuyo kwa Addis ndi maola awiri m'mweziwu, ndiye ndi maola 7 ndi mphindi 45. Mu ndege mwakhalamo maola 11 ndi theka. Pa Bole mwadikira kuyambira 19:15 mpaka 01:00, maola 5 ndi mphindi 45. Ulendo wonse ndi maola 17 ndi mphindi 15, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu mwakhala pa mpando wa pa bwalo, osasuntha ngakhale kilomita imodzi.

Apa ndiye pagona nkhani ya njira zitatu zija. Kusiyana kwa mtunda pakati pa Nairobi ndi Addis ndi makilomita 240, mphindi zosakwana 20 za kuuluka. Kusiyana kwa kudikira kungakhale maola asanu kapena khumi. Njira ya ku Johannesburg, ngakhale ndi yotalika, ikhoza kupambana ya ku Nairobi ngati kumeneko mudikira maola atatu pamene ku Nairobi mukanachezera usiku wonse. Poyerekeza matikiti, yang'anani nambala ya maola onse a ulendo, osati ya makilomita.

Kudikiraku kuli ndi chifukwa. Mabwalo ngati Bole amagwira ntchito m'magulu: ndege zochokera m'mizinda ya mu Africa zimafika madzulo, okwera n'kusinthana, kenako za ku Ulaya, Asia ndi America zimanyamuka pakati pa usiku. Mbali ina Heathrow imachepetsa kwambiri ndege zotera pakati pa 23:30 ndi 06:00 chifukwa cha phokoso, ndipo malo oterera amagawidwa mwa ndandanda yokhwima. Choncho ndege ya ku Africa imanyamuka pa ola loti ikafike ku London kukucha. Ikafika msanga kapena pa nthawi ya mpanipani imauzidwa kuzungulira m'mwamba pa amodzi mwa malo anayi odikirira, Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin, mpaka itaitanidwa.

Kalembedwe ka 01:00 kaja kamasokoneza anthu ambiri. Ngati tikiti ikuti 01:00 pa 12 Juni, ndiye kuti ndi usiku wa pa 11 kuchera pa 12. Amene amapita pa bwalo madzulo a pa 12 amapeza ndege inapita kale usiku wathawo. Chizindikiro cha +1 pambali pa nthawi yofikira chimatanthauza kuti mufika tsiku lotsatira, ndipo wodzakuchingamirani muzimuuza tsiku ndi ola la kwawoko. Onetsetsaninso ngati pa chigawo chimodzi palembedwa kuti ndege iima pena. Ndege zina za m'chigawo chino zimatera m'mizinda iwiri pa nambala imodzi, mwachitsanzo Blantyre kenako Lilongwe, ndipo kutera kulikonse kumadya ola kapena kuposa ngakhale inu simutsika.

Kudikira kwaufupi nako kuli ndi msampha wake. Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yosinthira ndege, ndipo kompyuta ya kampani sikugulitsani tikiti yophwanya malirewo. Koma malirewo amawerengera kuti ndege yoyamba yafika pa nthawi yake. Ola limodzi pa Bole kapena pa O.R. Tambo, pamene muyenera kukwera basi kuchoka pa ndege, kudutsanso pa chipikisheni cha katundu wa m'manja ndi kuyenda mtunda kukafika pa geti imene imatsekedwa mphindi 15 kapena 20 ndege isananyamuke, ndi lochepa. Maola awiri kapena atatu ndiwo abwino. Chofunika kwambiri n'chakuti zigawo zonse zikhale pa tikiti imodzi. Zikatero, katundu amalembedwa mpaka ku London, ndipo ndege yoyamba ikachedwa kampani imakuikani pa ndege yotsatira. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, kampani yachiwiri imakuonani ngati munthu amene sanabwere, tikitiyo imapsa, kawirikawiri pamodzi ndi yobwerera. Mumayeneranso kutenga katundu wanu n'kumulembetsanso, zimene zimafuna kuti mudutse kwa a imigireshoni a dzikolo, ndipo pamenepo nkhani ya viza imalowa. Kudikira kukapitirira maola 12 ku Kenya kapena ku Ethiopia, nyamulani khadi la katemera wa yellow fever, popeza mayiko ngati South Africa amalifuna kwa munthu wotere.

Maola 17 aja ndi a pa tikiti pokha. Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo pa ulendo wa kunja mumayenera kufikapo maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Wochokera ku Mzuzu kapena ku Mangochi awonjezere theka la tsiku la pamsewu. Ku Heathrow mzere wa imigireshoni wa m'mawa, pamene ndege za ku Africa, Asia ndi America zimatera motsatizana, ungatenge ola kapena kuposa kwa wa pasipoti ya Malawi. Kuchoka pamenepo, Heathrow Express imafika ku Paddington m'mphindi 15, pamene sitima ya pansi ya Piccadilly, yotsika mtengo, imatenga pafupifupi ola kukafika pakati pa mzinda. Wopitirira ku Manchester, Leeds kapena Glasgow pa basi kapena sitima asagule tikiti ya nthawi yokhazikika yonyamuka pasanathe maola atatu kuchokera pa ola limene ndege ikuyembekezeka kutera.